Botolo Limene Tinapita Nalo ku Zomba

Pa maulendo onse amene ndayendapo, wautali kwambiri ndi wa ku Zomba, ndipo ndinauyenda nditakumbatira botolo la mafuta amene ndinkadziwa bwinobwino kumene anachokera. Amene ndinatsagana nawo, amalume a mkazi wanga, sankadziwa. Iwo ankati atulukira chuma cha pansi pa nthaka. Ine njira yonse ndinkangopempha Mulungu kuti botololo lisweke.

Ndiyambe ndi zimene ndinachita, poti sindikufuna kudziyeretsa. Zaka zimenezo, matipate atangokhazikika, ndinali pa chikamwini ku Mkanda, kwawo kwa mkazi wanga Esinala. Tinali ndi mwana mmodzi, Tiyamike, amene anali atangoyamba kumene sukulu. Kwathu ndi kwa Mavwere. Pofuna kupeza ya sopo osapemphetsa, ndinayamba kugula dizilo kwa madalaivala a mathiraki pa boma la Mchinji n'kumakamugulitsa tsidya la Zambia pa njinga, kudzera m'tinjira ta m'minda. Mu Okutobala kunamveka mphekesera yoti kubwera chipikisheni m'midzi. Ndinakumba dzenje kumtunda kwa dimba la amalume, n'kuuza anthu kuti ndikufuna dothi la njerwa, ndipo ndinakwiriramo zigubu zinayi. Pofukula mu Disembala ndinapeza ziwiri zitang'ambika, mulibe ndi dontho lomwe. Ndinazikankhiranso m'dzenjemo, kufotsera, n'kuyesa kuiwala.

Mu Febuluwale, mvula ili pachimake, chitsime cha kudimba chinayamba kunyezimira pamwamba ngati khosi la nkhunda, madzi ake akununkha.

Amalume a Esinala, a Mateyo, ndiwo anali mwini mbumba. Anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni ali anyamata, ndipo zimenezi zinkawapatsa ufulu wodziwa chilichonse chokhala pansi pa nthaka, kuyambira golide mpaka mbewa. Anapita kuchitsime, anaviika kansanza, anakayatsa ndi machesi, kansanza n'kuyaka. Basi nkhani inathera pomwepo. Analetsa kutunga, anamanga mpanda wa minga kuzungulira chitsime, ndipo pofika Lamlungu anthu ankabwera pa njinga kuchokera kutali kudzaona mafuta a a Mateyo. Mphunzitsi wina anawauza kuti akatswiri a miyala amakhala ku Zomba. Atangogulitsa fodya wawo mu Meyi, amalume anayengula mafuta a pamwamba pa chitsime ndi supuni, tsiku lonse, mpaka anadzaza botolo lalikulu lomwe munali skwashi, loti apite nalo ku Zombako. Ine ananditenga chifukwa ndinafika fomu 2, ndiye ndikanawathandiza Chingerezi, komanso chikwama chinkafuna wonyamula.

Mwina muti bwanji sindinangoulula. Inu simunakhalepo pa chikamwini. Mkamwini woti wathira dizilo m'chitsime cha eni mlandu wake suchedwa: amamupindira mphasa yake n'kumulozera njira ya kwawo, ndipo ana amatsala, chifukwa ana ndi a kuchikazi. Nyumba ndi munda ndikanatha kuzisiya, koma osati Tiyamike. Choncho ndinatseka pakamwa n'kumaonerera bodza langa likunenepa tsiku ndi tsiku.

Tinanyamuka Lolemba m'mawa. Amayi a pamudzi anatiperekeza mpaka pamsewu ndi nthungululu, ngati tikupita kukatenga mkwatibwi. Esinala anandipatsira mtedza wokazinga m'kapepala, n'kundinong'oneza kuti, "Mukawasamale amalume. Ndipo zilizonse anganene, musakawayankhe."

Galimoto ya matola inali pikiapu yotopa, yoti chitseko chake ankamanga ndi lamba. Amalume anakhala kutsogolo ndi dalaivala, atavala jekete yawo ya ku Joni imene inkatuluka pa maliro a anthu ofunika okha. Ine anandilozera kumbuyo, pamwamba pa matumba a mtedza, botolo lili pamiyendo litakulungidwa m'chitenje. Titafika pa kamlatho kena kamatabwa galimoto inadumpha, ine n'kumasula manja dala. Botolo linagubuduka kulowera kumphepete. Mtima wanga unali utayamba kale kuimba, koma mayi wina wonyamula nkhuku analiponda ndi phazi.

"Gwiritsani, bambo," anatero. "Chuma cha tonse chimenechi."

Ndinamuthokoza, m'mimba ndikumutukwana.

Pa boma tinapeza minibasi ya ku Lilongwe yooneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Titangokhazikika, anthu anayi amene tinawapeza m'katimo anatsika mmodzimmodzi n'kukakhala mu ina yopanda anthu. Inali ntchito yawo imeneyo, kukhala ngati apaulendo. Tinaotha pamenepo kuyambira eyiti mpaka cha m'ma teni, injini ikulira, dalaivala akusuntha galimoto pang'ono n'kuibwezanso pomwe inali. Amalume anapeza chochita: anakangana ndi kondakitala kuti munthu wokhala pa kampando kopinda sayenera kulipira mofanana ndi wa pampando weniweni. Kondakitala atatopa anavomera. Apo m'pamene ndinadziwa kuti wokhala pa kampando kopindako ndine.

Womaliza kukwera anali mayi wa ku Zambia wokhala ndi chibelo cha kaunjika. Anakhala moyang'anizana nane, mawondo athu atagundana. Anandiyang'ana, anayang'ana kunja, anandiyang'ananso, nkhope yake n'kuwala.

"Imwe, si ndimwe? Muja mwenze kubwela na dizilo pa njinga? Manje mwasiya? Tinakusakilani maningi!"

Ndinakokera chipewa kumaso. "Pepani mayi, mwandisokoneza ndi wina."

"Awe, ni imwe ndithu. Na chipewa n'chamene ichi."

Amalume anatembenuka pang'onopang'ono kuchokera pampando wa kutsogolo. Ndinati basi, ulendo wathera pano.

"Musadzivute, mayi," anatero. "Akamwini amafanana nkhope. Awa njinga amayenderayo n'njanga, ndipo patali pamene amafika nayo ndi kuchigayo."

Minibasi yonse inafa ndi phwete. Ine ndinaseka kuposa aliyense. Kanali koyamba kunyozedwa n'kumva kukoma. Mayi uja anangotukula mapewa n'kuyamba kusenda nthochi, koma mpaka kukafika ku Lilongwe ndinali nditavula chipewa n'kuchikhalira.

Pa Kamwendo tinaima kuti anthu awiri atsike, n'kukwera asanu. Pa Namitete tayala linaphwa, ndipo lapadera linapezeka kuti nalo n'lophwa. Pamene tinkalowa m'depoti ya Lilongwe, basi yaikulu ya ku Zomba inali ikutuluka pageti. Ndinaithamangira botolo lili kukhwapa, ndikukuwa, koma inangondisiyira utsi.

"Inu akamwini," anatero amalume nditabwerera, mokweza kuti ogulitsa mabanzi amve, "kwanu kwa Mavwere kuthamanga amaphunzira ali ndi zaka zingati? Tinkayesa tabwereka tambala, kani tinabwereka bakha."

Ulemu wawo ndi umene unkapweteka. Chikhalire sananditchulepo kuti iwe. Nthawi zonse inali inu, inu akamwini, ndipo inu ameneyo ankamutulutsa ngati akulavula njere ya mango. Anagula tchipisi, anadya, n'kundipatsa kapepala kamafuta kuti ndikataye. Ine ndinatafuna mtedza wa Esinala nditakhala pa chikwama chawo, kuopa akuba.

Basi ina inanyamuka itadutsa wani koloko. Inali yakale, mawindo ena otseka ndi makatoni. Tinadutsa Nathenje bwinobwino, koma titayandikira Linthipe inatsokomola kawiri pa chitunda n'kuzima. Amuna tinatsika kukaika miyala kumatayala. Dalaivala, bambo wamfupi wadazi, analowa pansi pa basi, anatuluka, n'kulengeza kuti dizilo watha ndipo mapaipi akoka mpweya. Kondakitala anakwera lole yodutsa ndi chigubu kukasaka mafuta, ife n'kumwazikana m'mithunzi ya m'mbali mwa msewu.

Kudikira kuli ndi magawo ake. Ola loyamba anthu amatukwana mwini basi. Lachiwiri amagula chilichonse chimene chabwera, kaya ndi mbatata yootcha kaya nzimbe. Lachitatu amayamba kuuzana mbiri za moyo wawo, ndipo apa m'pamene amalume analephera kudzigwira. Anandikodola, anamasula chitenje, n'kuimika botolo pa mwala. Anthu anaunjikana. Dzuwa linkawala m'botolomo, mafuta atakhala pamwamba, timadzi tamatope pansi. Dalaivala anapukuta manja, anatsegula, ananunkhiza, anadonthezera pachala n'kutikita.

"Madala, ameneyu ndi dizilo."

Ndinati apa ndagwidwa. Koma amalume anatambasula manja ngati mlaliki.

"Mwamva nonse? Sindine ndanena, anena ndi a dalaivala, oti amagona ndi kudzuka ndi mafuta. Dizilo weniweni, wochokera m'chitsime changa! Aluya awo amachita kuyenga. Wathu akutuluka wopsa kale."

Dalaivala anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu, koma phokoso linamumiza. Pasanathe mphindi khumi a Mateyo anali atasanduka bwana. Mayi wina anawayalira chitenje kuti asadetse jekete. Bambo wina amene anachotsedwa ntchito ya ukalaliki anawalembera dzina lake pa kapepala. Iwo ankagawa maudindo atakhala pansi pa mtengo, uyu kapitawo, uyu woyendetsa thanki. Wina anafunsa kuti nanga anyamata mwayenda nawowa adzakhala ndani.

"Awa? Pageti pafunika mlonda. Kugona amatha."

Dalaivala anabweranso, ulendo uno mofatsa. Anati ngati madala angalole, theka la botololo lingamuthandize kutulutsa mpweya m'pampu, kuti kondakitala akamafika tingothira n'kunyamuka. Ine ndinaona khomo latseguka.

"Zoona amalume, tiwathandize. Angotenga lonse, kumudzi tikayengula ena."

Ndinali nditagwira kale botolo. Amalume anandimenya padzanja ndi ndodo yawo, pa mfundo za zala penipeni, anthu onse akuona. Sanakweze mawu.

"Inu akamwini, cha eni sapatsa."

Wina anaseka, ena n'kutsatira. Ndinali bambo wa zaka makumi atatu, wa ndevu zanga, ndipo ndinaima pamsewu wa Dedza ndikuyamwa zala ngati mwana woba shuga. Ndinawada a Mateyo tsiku limenelo, kuwada kochokera m'mafupa. Ndipo ndisabise, pansi pa chidanicho panali kachimwemwe koipa. Ndinkati pitirizani bwana, gawani maudindo, mawa mukaona.

Kondakitala anabwera dzuwa litapendeka. Dedza, Lizulu ndi Ntcheu ndinangoziona ngati mayina a pa zikwangwani, dzanja likugunda. Basi inakathera pa Balaka, akuti mabuleki, ndipo tinagona pa resitihausi ina pafupi ndi siteji. M'mawa tinakwera minibasi, kuoloka Shire pa Liwonde, n'kufika ku Zomba cha m'ma naini. Phiri lija anthu amalitama ndinaliona, koma ndinalibe nalo ntchito.

Ofesi tinaipeza titafunsa kanayi. Anatilozera benchi pakhonde n'kutiuza kuti amene angatithandize ali kumsonkhano. Tinakhala. Amalume ankapukuta nsapato ndi mpango mphindi zilizonse, n'kumandibwerezetsa mawu a Chingerezi oti ndikanene, kuti malo ndi awo, chitsime ndi chawo, boma lisayerekeze kuwalanda. Nthawi ya nkhomaliro anthu anatuluka, anabwerera, ife tili pomwepo. Ine ndinkawerenga nyerere zodutsa pakhonde. Ndinaganizapo zonamizira kutsekula m'mimba n'kuthawira kwa Mavwere osabwereranso, koma ndikatero ndinkaona Tiyamike ataima pamsewu kudikira masiwiti amene ndinamulonjeza.

Cha m'ma thuu anatiitana. Katswiriyo anali mayi wamagalasi, wa msinkhu wapakati, m'chipinda modzaza miyala yolembedwa manambala. Chingerezi changa sichinafunike, analankhula nafe Chichewa. Anamvetsera nkhani yonse ya amalume osawadula, ananunkhiza botolo, anathira pang'ono m'kagalasi n'kukayang'anitsitsa pawindo. Kenako anakhala pansi n'kuvula magalasi.

"Bambo, mwayenda ulendo wautali, ndiye ndikufotokozerani bwinobwino. Mafuta sabadwira pamene amapezeka. Amayamba ngati matope a pansi pa nyanja, osakanikirana ndi ndere ndi tizilombo takufa. Pamwamba pake pamabwera matope ena, kenako ena, mpaka oyamba aja amatsikira pansi kwambiri kumene n'kotentha, n'kumapsa pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni. Akapsa, mafuta amafinyika n'kuyamba ulendo wokwera, poti ndi opepuka kuposa madzi. Amadutsa m'miyala yamchenga, yokhala ndi timipata."

Amalume ankagwedeza mutu ngati akumva zimene ankazidziwa kale. Mayiyo anatenga kapu yake ya tiyi, anaigwedeza kuti iume, n'kuivundikira pa tebulo.

"Kuti aime, pamafunika mwala wina wothinana pamwamba pawo, wopindika chonchi, ngati chivindikiro. Tsono nkhani yonse yagona pa nthawi. Chivindikirochi chiyenera kukhala chilipo kale mafuta asananyamuke. Akafika chisanapangike, amangodutsa n'kukatayika kumtunda, ndipo chikadzapangika pambuyo pake chimangovindikira madzi. Chikang'aluka mafuta atalowa kale, amathawanso. N'chifukwa chake ife sitifunsa chabe kuti kodi mafuta anapangika. Timafunsa kuti anayenda liti."

"Nanga kwathu anayenda liti?" anafunsa amalume, atasendera kutsogolo.

"Kwanu sanayendeko, bambo. Miyala ya ku Mchinji ndi yakalekale, youma gwa, inapsa mopitirira kalekale. Malo amene kunaunjikana matope otere ndi monga pansi pa nyanja ndi kuchigwa cha Shire, ndipo ngakhale kumeneko sindingakulonjezeni kanthu. Komanso mafuta a pansi pa nthaka satuluka oyera chonchi. Awa anayengedwa kale kufakitale."

Amalume anatsamiranso kumpando. Kachimwemwe kanga ka dzulo kanabwera, kanakhala kanthawi kochepa kwambiri, chifukwa mayiyo sanathere pomwepo.

"Komabe nawonso anayenda kuti afike m'chitsime mwanu, ndipo tingathe kudziwa kuti anayenda liti. Izi n'zofunika, chifukwa madzi amenewo asamwedwe mpaka gwero lake lipezeke. Munayamba kuwaona mwezi wanji?"

"Febuluwale," anayankha amalume.

"Nthaka itakhuta mvula. Madzi a pansi akakwera amanyamula dizilo n'kutsetsereka naye kumunsi. Ndiye anatayika mvula isanafike pachimake, ndipo si patali. Kumtunda kwa chitsimecho kuli chigayo? Kapena thanki?"

"Kulibe."

"Palibe pamene panakumbidwa chaka chathachi?"

Amalume sanandiyang'ane. Anayang'ana kapu yovundikira ija.

"Mu Okutobala akamwini athuwa anakumba dothi la njerwa." Anagogoda kapuyo ndi chala. "Njerwa zake sindinazione."

Mayiyo anandiyang'ana, kenako anayang'ana dzanja langa lotupa, ndipo ndikhulupirira kuti anamva chisoni, chifukwa anangoti, "Mukafukule pamenepo," n'kuyamba kutseka botolo. Amalume anaimirira, anakonza jekete.

"Mayi, ndifunseko chimodzi. Mwati chivindikiro chikabooka, mafuta amathawa?"

"Eya, koma monga ndanenera, kwanu kulibe chivi..."

"Zikomo kwambiri. Mwatithandiza."

Botolo analisiya pa tebulo pomwepo. Nditafuna kulitenga anati lisiyeni.

Ulendo wobwerera unalibe zovuta zilizonse, ndipo ndi umene unandizunza koposa. Basi sinafe, tayala silinaphwe. Amalume sanandinyoze ngakhale kamodzi. Pa Liwonde anagula nsomba zouma ziwiri n'kundipatsa imodzi. Ku Lilongwe, kumene tinagona, anandifunsa ngati dzanja likupolako. Munthu woti wakhala akukulavulira zaka zisanu ndi ziwiri akayamba kukugawira nsomba, umadziwa kuti kwinakwake kukunoledwa mpeni.

Ndinalephera kupirira titafika pa Namitete, Lachitatu masana. Minibasi inaima kudikira anthu, ndipo tonse awiri tinatsika kukaongola miyendo kuseri kwa magolosale. Ndinagwada pafumbi pomwepo, osasamala za odutsa.

"Amalume, ndalakwa. Ndinakwirira zigubu za dizilo m'dzenje muja. Ziwiri zinang'ambika. Ndinaopa kunena. Chilango chilichonse ndilandira, mbuzi kaya chiyani, chitsime china ndikumba ndekha. Koma musandichotse pa mwana wanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akutokosa m'mano ndi kamtengo.

"Iwe," anatero.

Kanali koyamba. Ndinkaganiza kuti tsiku limene adzasiye inu uja ndidzapepukidwa, koma ndinamva ngati andivula malaya pamsika.

"Iwe ukuganiza kuti ine Mateyo, woti amayi anandiimbira nthungululu, woti ndalemba anthu ntchito kuyambira ku Mkanda mpaka ku Linthipe, ndikaime pamaso pa mbumba yanga n'kunena kuti ndinapita ku Zomba ndi mkodzo wa thiraki? Kuti ana azikandiloza mpaka kumanda?"

"Ndikanena ndine, amalume. Manyazi akhale anga."

"Manyazi sagawana choncho. Wokwirira zigubu ndi wakuba chabe, anthu amaiwala. Wopusa saiwalika." Anataya kamtengo kaja. "Mafuta analipo. Amayi aja anena okha, unamva. Pamakhala chivindikiro, chikabooka amathawa. Iwe unakumba dzenje."

"Koma si zimene ananena!"

"Unalipo ndiwe ndi ine. Tiye, galimoto ikutisiya."

Kuchokera pamenepo mpaka ku boma ndinkakonza mawu m'mutu. Ndinkati ndikawatsogolera kulankhula, ndikatenga khasu, ndikafukula zigubu anthu akuona. Pa boma tinapeza pikiapu yomwe ija. Amalume anakhala kutsogolo, ine kumbuyo, manja ali opanda kanthu.

Wina anali atatiwona pa boma n'kutsogola pa njinga, choncho pofika tinapeza mudzi wonse uli pamsewu, dzuwa likadalipo. Nthungululu zinayamba galimoto isanaime. Pamene ndinkatsika kuchoka pa matumba, amalume anali ataima kale pa chulu, chipewa chili m'manja ngati pa maliro. Anthu ataona chipewacho anakhala chete okha.

Analankhula bwino, ndisaname. Anafotokoza za matope a pansi pa nyanja, za zaka mamiliyoni, za ulendo wa mafuta. Anabwereka mbale kwa mayi wina n'kuivundikira pa chikhatho. Anati akatswiri atsimikiza kuti pansi pa dimba panali nyanja ya mafuta imene inadikira chilengedwere dziko, yokwanira kumanga chipatala ndi kuika tala mpaka ku boma. Koma mu Okutobala munthu wina, osafunsa eni nthaka, anakumba dzenje n'kuboola chivindikiro. Timene tinkaona m'chitsime tinali totsalira chabe, mafuta enieni anathawa kale. Sanatchule dzina. Panalibe chifukwa, aliyense ankadziwa amene anakumba.

Maso onse anatembenukira kwa ine. Mawu onse amene ndinakonza panjira anauluka, ndipo ndinakuwa chimene chinali pafupi ndi lilime.

"Bodza! Mafuta aja ndi anga!"

Ndinkatanthauza kuti ndine ndinawagula, ndine ndinawakwirira, mlandu ndi wanga. Koma ndinawamva mawuwo mmene anagwera m'makutu mwa anthu, ndipo ndinadziwa kuti ndadzimanga ndekha. Mkamwini, ataima pa nthaka ya eni, akuti za pansi pake n'zake.

"Mwamva?" anatero amalume mofatsa. "Akuti ndi awo."

Panabuka chiphokoso. Ndinayesa kunena za zigubu, ndinapempha khasu kuti tikafukule, koma amalume anakweza dzanja n'kunena kuti pamalo paja pakumbidwa mokwanira, wina asadzayerekezenso kugwetsapo khasu. Achimwene a Esinala anandigwira m'mapewa. Mayi uja wa nkhuku, amene anapulumutsa botolo, anandilavulira pa malaya.

Esinala sanakuwe nawo. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi zovala zanga zitamangidwa m'chitenje, n'kuziika pansi patsogolo panga. Maso ake anali ofiira.

"Mukanati munaboola mwangozi, ndikanakugwadirirani kwa amalume," anatero motsitsa. "Koma anga? Pamaso pa anthu onsewa?"

Tiyamike anali atamutsekera m'nyumba ya agogo ake aakazi. Ndinamumva akuitana, koma sanandilole kufika pakhomo. Masiwiti ake ndinawapeza m'thumba ndili kale panjira ya kwa Mavwere, wapansi, poti njinga inalidi ya amalume.

Ndinapitako kangapo m'zaka zotsatira, ndi ankhoswe, ndi mbuzi, koma ankandibwezera pamsewu. A Mateyo anamwalira ali munthu wolemekezeka, amene anatsala pang'ono kulemeretsa dera lonse. Tiyamike ndinadzakumana naye ali mayi wa mwana mmodzi, pamsika wa pa boma, akugulitsa tomato. Anandizindikira, anandipatsa moni wogwada, n'kundipatsa mpando. Funso lake loyamba linali lakuti ndinakumbiranji.

Ndinamuuza zonse, za mathiraki, za zigubu, za mayi wa ku Zomba ndi kapu yake, za pa Namitete. Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, akuingitsa ntchentche pa tomato. Kenako anati, "Agogo a Mateyo anatiuziratu kuti mudzanena zimenezi."